Kukatinga, Kujuba ndi Kudula: Mneni wa Chingerezi ‘Cut’ m’Chinyanja cha m’Makomboni a Lusaka

1.0 Chiyambi

Pakati pa aphunzitsi a Chinyanja ku Zambia ndi a Chichewa ku Malawi pali dandaulo limene lakhala likumveka kwa zaka zambiri, lakuti Chingerezi chikumeza aneni athu. Odandaulawo amati pamene makolo ankasiyanitsa kutema, kucheka, kumweta, kusadza ndi kuwaza, mwana wa m’tauni amangodziwa mneni mmodzi, ndipo mneniyo ndi wobwereka. Chitsanzo chosavuta kupeza ndi ‘kukatinga’, mneni amene amamveka m’makomboni a Lusaka ndipo adachokera ku liwu la Chingerezi lakuti ‘cut’. Nkhani ino ikuunika dandaulo limeneli pofufuza kumene liwulo lidachokera, momwe lidalowera m’Chinyanja cha m’tauni, ndi ntchito imene likugwiradi pakamwa pa anthu. Mfundo yathu ndi yakuti kuchepa kwa aneni kulipodi, koma amene akulozedwa chala si mwini mlandu.

Lusaka idakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo Chinyanja chidazika mizu mumzindawu kudzera mwa apolisi, asilikali ndi antchito ochokera kuchigawo cha kummawa ndi ku Nyasaland. Matero idamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1950. Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga zidakula anthu akudzimangira okha. Mtendere idakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m’ma 1960. M’malo onsewa Achewa ndi Ansenga adakhala moyandikana ndi Abemba, Atonga, Alozi, Asoli ndi Alenje, ndipo kalembera wa 2010 adapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 aliwonse m’chigawo cha Lusaka ankagwiritsa ntchito Chinyanja koposa chiyankhulo china. Koma Chinyanja chake si cha m’mabuku. Mmalo mwa ‘ndi-’ amati ‘ni-’, mmalo mwa ‘zi-’ amati ‘vi-’, ulemu amausonyeza ndi ‘ba-’, ndipo mpweya umene timaulemba ndi ‘h’ m’mawu ngati ‘kuphika’ ndi ‘nthawi’ kawirikawiri sumveka. Zitsanzo za m’nkhani ino tazilemba monga zimayankhulidwira, kupatula kuti tagwiritsa ntchito ‘ch’ pamene malamulo a kalembedwe a ku Zambia a 1977 amalemba ‘c’.

2.0 Mbiri ya ‘cut’ kwawo

Amene amaona ‘cut’ ngati mwini nthaka wa Chingerezi angadabwe kumva kuti nayenso ndi wobwera. M’Chingerezi chakale, chimene chinkalembedwa Anormani asanalande England mu 1066, liwuli silipezeka. Ntchito yodula inkagawidwa kwa aneni ena, makamaka ‘ceorfan’, ‘snithan’ ndi ‘sceran’. ‘Cut’ adayamba kuoneka m’zolembedwa chakumapeto kwa zaka za m’ma 1200, mwachitsanzo m’buku la Brut la Layamon, ndipo ankalembedwa mosiyanasiyana: ‘cutten’, ‘kitten’, ‘ketten’. Akatswiri sadamange mfundo imodzi pa gwero lake, koma ambiri amaloza ku ziyankhulo za ku Scandinavia, kumene kuli mawu ofanana nalo otanthauza kampeni kapena kusema ndi mpeni. Ganizo limeneli si lachilendo, pakuti anthu a kumeneko adakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England kuyambira m’zaka za m’ma 800 ndipo adasiyako mawu ena a tsiku ndi tsiku monga ‘take’.

Chimene chidachitika pambuyo pake ndicho chofunika kwa ife. ‘Snithan’ adazimirira m’Chingerezi cholembedwa, ngakhale kuti mbale wake ‘schneiden’ akadali mneni wamkulu wa kudula m’Chijeremani. ‘Ceorfan’ adasanduka ‘carve’ nangotsala ndi kusema ndi kugawa nyama yophika. ‘Sceran’ adasanduka ‘shear’ natsala makamaka ndi kumeta nkhosa. Mlendo uja adatenga bwalo lonse: tsitsi, pepala, mtengo, malipiro, magetsi, ngakhale ubwenzi. Choncho mantha a aphunzitsi athu ali ndi maziko m’mbiri. Mneni mmodzi angathedi kukankhira anzake kumphepete. Funso ndi lakuti kodi zimene ‘cut’ adachita ku England akuzichitanso ku Chawama.

Tisanapitirire tichotse chisokonezo chimodzi. M’Chiswahili muli mneni ‘kukata’, wotanthauza kudula, ndipo amalonda oyenda njira ya Nakonde ndi Dar es Salaam amamudziwa bwino. Kufanana kwake ndi ‘cut’ n’kongochitika mwangozi. ‘Kukata’ ndi liwu lakale la Chiswahili, ndipo ‘kukatinga’ wa ku Lusaka sadachokere kumeneko. Phatikizo la ‘-ing-’ ndilo likuulula kwawo.

3.0 Momwe adalowera

Lembo la liwu la ‘a’ mu ‘kat-’ likusonyeza kuti mneniyu adalowera m’khutu, osati m’maso. Akadalowera pa pepala tikadamva ‘kut-’. Ndi njira yomweyo imene idatipatsa ‘basi’, ‘kapu’ ndi ‘batani’ kuchokera ku mawu amene Angerezi amawalemba ndi ‘u’.

Chovuta kufotokoza ndi ‘-ing-’. Aneni ambiri obwereka amangolandira ‘-a’ kumapeto: kuwina, kuluza, kuvota, kusaina. Koma ku Lusaka, monganso m’Chibemba cha ku Copperbelt, kuli gulu lina limene limatengera ndi mchira womwe wa Chingerezi: kupakinga, kubukinga, kuchekinga, kupikinga, kukatinga. Kwa Mngerezi ‘-ing’ ndi mphatikiram’tsogolo wosonyeza kuti ntchito ili m’kati, kapena wosandutsa mneni kukhala dzina. Kwa mwana wa ku Matero phatikizoli lilibe tanthauzo lililonse. Ndi mbali ya tsinde basi. Umboni ndi wakuti misintho ya mneni imabwera pambuyo pake, ndipo nthawi imasonyezedwa kutsogolo monga mwa masiku onse:

(1) Nikatingileniko paipi iyi. (Ndidulireniko paipi iyi.)
(2) Foni inakatingiwa. (Foni idadulidwa.)
(3) Tizakatingisa mailo. (Tikadulitsa mawa.)

Pano pali kanthu kosangalatsa kwa ophunzira kamvekedwe ka mawu. Mtenje (1985) adafotokoza mgwirizano wa malembo a liwu m’Chichewa, wakuti tsinde lokhala ndi ‘e’ kapena ‘o’ limakoka msintho wa ‘e’, pamene la ‘a’, ‘i’ kapena ‘u’ limakoka wa ‘i’: kucheka, kuchekera, kudula, kudulira. Tsinde lakuti ‘chekinga’ likuswa lamuloli m’kati mwake, pakuti ‘e’ akutsatidwa ndi ‘i’, ndipo kumeneko ndi kununkha kwake kwa ulendo. Komabe likalandira msintho limamvera lembo lomalizalo, n’kukhala ‘chekingila’. Mlendo wavala malaya akwawo, koma akugwada monga eni mudzi.

Nanga n’chifukwa chiyani aneni ena amatenga ‘-ing-’ pamene ena satero? Tikuganiza kuti pali zifukwa ziwiri zimene zimathandizana. Choyamba ndi zikwangwani. Munthu woyenda mu Kanyama kapena mu George amawerenga Chingerezi chambiri pa makoma a timashopu, ndipo aneni a pamenepo amakhala atavala kale ‘-ing’: ‘welding’, ‘phone charging’, ‘parking’, ‘key cutting’. Chachiwiri ndi kupewa kugundana ndi aneni amene alipo kale. ‘Park’ akadakhala ‘kupaka’, ‘book’ akadakhala ‘kubuka’, ndipo ‘pick’ akadakhala ‘kupika’, amene ku Lusaka ndi kuphika. Chitsanzo chokoma koposa chikukhudza nkhani yathu yomweyi. Ku Malawi, kumene ‘ch’ ndi ‘tch’ zimasiyana, achinyamata amatha kunena ‘kutcheka’ potanthauza kuona ngati zinthu zili bwino, osasokoneza ndi kucheka kwa mpeni. Ku Lusaka kusiyanako n’kofooka, ndipo wodwala amene wauzidwa kuti adokotala ‘bazakucheka’ ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kawiri. ‘Bazakuchekinga’ amachotsa manthawo.

Tisakokomeze, komabe. ‘Kupasa’ mayeso kudalowa popanda ‘-ing-’ ngakhale kuti kukugundana ndi ‘kupasa’ kwa kupatsa, ndipo anthu amamvana bwinobwino. Kupewa kugundana ndi chizolowezi chabe, si lamulo.

4.0 Kumene ‘kukatinga’ amakhala

Tikatchera khutu pa zinthu zimene zimakatingidwa, tipeza kuti bwalo la mneniyu ndi laling’ono kuposa momwe odandaula amaganizira. Malo ake oyamba ndi foni:

(4) Osakatinga, nikali kukamba. (Usadule, ndikadayankhula.)

Malo achiwiri ndi ntchito za makina. M’mphepete mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, kumene owotcherera zitsulo ndi akalipentala amayala mafelemu, mageti ndi mipando, chitsulo chimakatingidwa ndi galainda, ndipo chimbale chodulira chimatchedwa ‘katingi disiki’. Atelala nawonso, makamaka amene adaphunzira ntchito yawo kusukulu za luso m’Chingerezi, amalitchula liwuli ponena za kadulidwe ka nsalu motsata patani. Kwa ometa tsitsi ‘kati’ amabwera ngati dzina la sitayelo, monga ‘tebulo kati’ amene adatchuka m’zaka za m’ma 1990. Palinso mayina awiri amene alowa athunthu: ‘shotikati’, ndi ‘katofu pointi’ amene kholo lililonse limene lidadikirapo zotsatira za mayeso a Giredi 7 kapena Giredi 9 limamudziwa.

Onani tsono kumene sapezeka. Mayi wokonza repu kapena chibwabwa pakhomo sakatinga. Wogawa nyama pamaliro sakatinga. Sing’anga wotema mphini sakatinga. Amene anganene kuti akukatinga tomato amamveka ngati akudzionetsa kapena akuchita nthabwala, ndipo omvera amadziwa zimenezo. Mneniyu adabwera pamodzi ndi zipangizo zake ndipo wakhala pafupi nazo. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu kakumeta pamene malumo athu anali asanafikepo.

Ngakhale m’malo atsopanowo sali yekha. M’chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi akuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse, anthu a m’makomboni sankafuna ‘cut’ kuti afotokoze vuto lawo. Ankati ‘malaiti yayenda’, ndipo akabwera ana ankafuula kuti ‘yabwela’. Dzina ndi lobwereka, koma mneni ndi wathu, ndipo chithunzi cha magetsi ngati munthu wapaulendo si cha Chingerezi. Chimodzimodzinso ‘shotikati’ sadabweretse ganizo latsopano. Chichewa chidali nacho kale ‘chidule’, chochokera ku ‘kudula’ komweko, monga mu ‘njira yachidule’ ndi ‘mwachidule’.

5.0 Amene adatengadi bwalo

Mneni amene amagwira ntchito zambiri za kudula m’Chinyanja cha ku Lusaka si ‘kukatinga’, komanso si ‘kudula’. Ndi ‘kujuba’. Nyama amajuba, chingwe amajuba, nsalu amajuba, mtengo amajuba. Chala chikakumana ndi mpeni amati ‘nazijuba’, ndipo chingwe chikaduka amati ‘yajubika’ ntambo. Pa tsitsi, pambali pa ‘kumeta’, pamamveka kwambiri ‘kugela’, amene abale ake ndi ‘kugela’ wa Chitonga ndi ‘kugera’ wa Chishona. Aneni awiriwa si a Chingerezi, ndipo wophunzira wa ku Lilongwe kapena ku Zomba sangawapeze m’buku lake la Chichewa. Ngati pali mneni amene akuchita ku Lusaka zimene ‘cut’ adachita ku England, ndiye ‘kujuba’.

N’chifukwa chiyani ‘kudula’, amene m’Chichewa cha m’mabuku ndiye mneni wamkulu, adabwerera m’mbuyo? Mbali ina ya yankho ili mwa mlendo wina wakale amene odandaula samuona chifukwa adafika kalekale. ‘Kudula’ kotanthauza kukwera mtengo kudachokera ku liwu la Chiafirikanzi lakuti ‘duur’, kudzera m’Chizulu ndi m’chiyankhulo cha m’migodi, ndipo kudabwera kuno ndi anthu obwerera ku Joni. Ashona amati ‘kudhura’. Mumzinda mmene chilichonse n’chogula, ndiponso mmene kukwera kwa mtengo wa unga kudabutsa zipolowe mu June 1990, tanthauzo limeneli limamveka kuyambira mmawa mpaka madzulo: ‘unga wadula’, ‘malasha yadula’, ‘vintu vadula’. Kawirikawiri kamangidwe ka chiganizo kamasiyanitsa matanthauzo awiriwa, popeza kudula kwa mpeni kumafuna pamtherankhani. Koma chiganizo chakuti ‘batelala aba bamadula’ munthu wa ku Mtendere amachimva kumodzi kokha, ndipo si kwa sizasi.

Mbali yaikulu ya yankho, komabe, siili m’mawu koma m’ntchito. Akatswiri a ku Max Planck Institute ku Nijmegen, motsogozedwa ndi Asifa Majid ndi Melissa Bowerman, adayerekeza ziyankhulo 28 pa aneni a kudula ndi kuswa, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2007 ndi 2008. Adasonyeza kuti ziyankhulo zimagawa bwaloli mosiyana, zina ndi aneni ochepa, zina ndi ambiri, potengera zinthu monga chida ndi mtundu wa chodulidwacho. Chichewa cha kumudzi chili mwa zogawa mosamala. Udzu wofolera timamweta ndi zenga, kapinga timatchetcha, nthambi timasadza, tchire timalikha, mtengo timatema ndi nkhwangwa, ndipo nkhuni zake timawaza, mpini timasema ndi kasemasema, thabwa timacheka, nkhuku timazinga, zikhadabo timawenga, mbuzi timasenda ndi kutumbula. Mneni aliyense wanyamula chida, chinthu, ndi kayendedwe ka dzanja. Ena mwa iwo ndi akale kwambiri ndipo tili nawo pamodzi ndi anansi athu: ‘kutema’ ndiye tsinde la ‘citemene’, ulimi wa Abemba wosadza mitengo ndi kutentha nthambi.

Tsono mwana wobadwira ku Chawama wakulira m’nyumba ya mabuloko yofolera ndi malata. Nsima yake yaphikidwa pa mbaula ya makala ogula m’kapulasitiki. Udzu wofolera sadauonepo ukumwetedwa, ndipo mpini wa khasu, ngati lilipo, udagulidwa wosemasema. Mneni ‘kumweta’ sadalandidwe malo ndi ‘cut’, adasowa chomweta. Aneni amene ntchito zawo zidasamukira nawo m’tauni, monga kucheka, kumeta, kusenda ndi kutema, akadalipo. Amene ntchito zawo zidatsala kumudzi adatsala nazo. Ndipo pamene Mchewa, Mtonga ndi Mbemba akumana pa mpope umodzi, chimene chimapulumuka ndi mneni wa tanthauzo lotambalala amene onse angamugwire msanga. Kusalaza kumeneku kukadachitika ngakhale Chingerezi chikadapanda kufika.

Kashoki, kuyambira pa zimene adalemba za Chibemba cha m’tauni mu 1972 mpaka buku lake la 1994 la mawu obwereka m’Chilozi, m’Chinyanja ndi m’Chitonga, adalimbikira kunena kuti kubwereka ndi chizindikiro chakuti chiyankhulo chikutha kusintha ndi moyo wa eni ake. Tikugwirizana naye. Koma tikuonanso kuti kafukufuku wa mawu obwereka, pokonda kundandalika mawu ochokera ku Chingerezi, wathandiza mosadziwa kukhazikitsa chithunzi chakuti nkhondo ili pakati pa ziyankhulo ziwiri zokha. Ndandanda wotere amalemba ‘kukatinga’ chifukwa gwero lake n’loonekeratu, nasiya ‘kujuba’ ndi ‘kugela’ amene ndiwo asinthadi kayankhulidwe. Kubwerekana kwa ziyankhulo za mu Afirika zokhazokha n’kovuta kukutsata, pakuti mlendo wake amafanana nkhope ndi eni nyumba.

6.0 M’kalasi ndi mu mtanthauziramawu

Nkhaniyi si ya akatswiri okha. Serpell, m’buku la Language in Zambia la 1978, adafufuza kale za kamvedwe ka Chinyanja pakati pa ana a sukulu a ku Lusaka, ndipo Williams, poyerekeza kuwerenga kwa ana a ku Malawi ndi a ku Zambia m’zaka za m’ma 1990, adatchulapo za mpata umene uli pakati pa Chinyanja cha m’tauni ndi cha m’mabuku. Pamene ndondomeko ya maphunziro ya 2013 idayamba kugwira ntchito mu 2014, n’kuika ziyankhulo za m’dziko kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4, mpata umenewu udafika pa desiki la mwana aliyense wa mu Lusaka.

Mlembi wa nkhani ino adaonapo kope la mwana wa m’komboni ina amene adapatsidwa chithunzi cha mayi atagwira mpeni ndi kabichi kuti alembe chiganizo. Mwanayo adalemba kuti amayi ajuba kabichi. Mphunzitsi adakhwatcha mneniyo ndi inki yofiira, nalemba pamwamba pake ‘adula’, ndipo m’mphepete adawonjeza kuti mwana asamasakanize Chingerezi. Zolakwa apa ndi ziwiri, ndipo zonse si za mwana. ‘Kujuba’ si Chingerezi. Ndipo mneni amene mphunzitsi adapereka ndi wotambalala chimodzimodzi; agogo a mwanayo ku Katete akadati amayi akucheka kabichi. Mwana adalangidwa, koma sadaphunzire kanthu kamene analibe. Mphunzitsiyo sitikumunyoza: adaphunzitsidwa kuti liwu lililonse losapezeka m’buku ndi lachilendo, ndipo lachilendo lililonse ndi Chingerezi.

Chizolowezi cha ndandanda wa mawu wa mizere iwiri, Chingerezi kumanzere ndi Chinyanja kumanja, chimakulitsa vutoli. Wophunzira akaloweza kuti ‘cut’ ndi ‘dula’, amayamba kuganiza kuchokera ku bwalo lotambalala la Chingerezi, nadula udzu, nadula tsitsi, nadula nkhuni, zonse ndi mneni mmodzi. Apa ndi pamene Chingerezi chikuvulazadi chiyankhulo, ndipo chikutero popanda liwu limodzi lobwereka kuoneka pa pepala. Mphunzitsi wosaka mawu achilendo ndi inki yake yofiira adzadutsa chiganizo chotero n’kuchichonga. Komanso njira yomweyo imabisa malo amene ‘kudula’ amapita koma ‘cut’ safikako, monga kudula tikiti, kudula msonkho ndi kuduka mutu.

Kwa aphunzitsi, njira imene tikuiona yothandiza ndi kuyambira pamene mwana ali. ‘Kujuba’ alandiridwe ngati khomo, kenaka mwana afunsidwe kuti akujuba chiyani, ndi chiyani, ndipo dzanja likuyenda bwanji. Mayankho akewo ndiwo adzaitana kucheka, kutema, kuwaza ndi kuwenga, aliyense ndi chida chake. Aneni monga kumweta ndi kulikha aphunzitsidwe poyera ngati mawu atsopano, ndi zithunzi kapena ndi zenga lenileni m’manja, osati kuganiza kuti mwana akuwadziwa chifukwa choti dzina la bambo wake ndi Phiri kapena Banda.

Kwa olemba mabuku otanthauzira mawu ntchito ndi yokulirapo. Kuyambira pa buku la Scott la Chimang’anja la 1892, limene Hetherwick adalikonzanso mu 1929, kufikira pa Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, maziko akhala kayankhulidwe ka ku Malawi, ndipo zimenezo n’zomveka potengera kumene mabukuwo adalembedwera. Buku la Gray, Lubasi ndi Bwalya la 2013 lidafotokoza Chinyanja cha m’tauni ngati kayankhulidwe kokhala ndi malamulo akeake, koma lidalembedwera ofuna kuphunzira kuyankhula, osati mphunzitsi wa Giredi 2 ku George amene ayenera kugamula pa liwu la m’kope la mwana. Mphunzitsi ameneyo akusowa buku limene pansi pa ‘juba’ lingamuuze kuti ndi mneni wa ku Lusaka wa tanthauzo lotambalala n’kumulozera kwa aneni khumi a m’mabuku amene akubisala m’kati mwake. Pansi pa ‘dula’ lisiyanitse wa mpeni ndi wa mtengo, n’kutchula kumene wachiwiriyo adachokera. Ndipo pansi pa ‘katinga’ lilembe foni, galainda, makiyi ndi patani ya telala, ndi chenjezo lakuti pa ndiwo sagwira.